Beseni Lamasiye

LOLEMBA

M'mawa, ku boda. Foni yalira. Mnzanga wa ku koleji wanditumizira chithunzi cha m'nyuzipepala: bungwe la boma la bayotekinoloje ku Lilongwe likufuna anthu ochita kafukufuku wa mbewu m'labotale. Ndawerenga katatu. Kachinayi ndasindikiza pa makina a a Mwale, abwana anga pa kashopu ka fotokope kano, iwo atapita kukagula mandazi.

Akufuna munthu:
1. Wa digiri ya sayansi ya zomera. Ndili nayo. Ili m'sutikesi, pansi pa nsalu za amayi, chaka chachinayi tsopano.
2. Wodziwa kompyuta. Ndimasindikiza mapepala a mathiraki kuyambira seveni mpaka faivi. Ngati imeneyo si kompyuta, andiuze.
3. Wotha kugwira ntchito ndi anthu osiyanasiyana. Abwere adzaone madalaivala anga.
4. Wokhala ndi umboni woti anachitapo kafukufuku wakewake.

Pa nambala folo ndiye pagona nkhani. Kafukufuku wa chaka chomaliza tinachita anthu asanu ndi awiri, ndipo lipoti lake linapita ndi laputopu ya mtsogoleri wathu, amene pano akugulitsa matayala ku Joni ndipo sayankha foni.

Makalata akafike Lolemba likubwerali, thwelofu koloko masana, pamanja.

Ndiyenera kuipeza ntchito imeneyi. Mu Januwale ndinalonjeza azakhali, pamaso pa amayi, kuti mvula yodzalira ikagwa ndisanaitanidwe ngakhale ku intaviyu imodzi, ndiyamba kuyenda nawo ku Chipata kukapikula zitenje, nkhani ya labotale n'kuikwirira. Ndinalonjeza ndikuseka. Okutobala ankaoneka kutali.

Ndiye ndichita kafukufuku wanga. Pakhomo. Sabata imodzi!

Masana. Ndauza a Mwale kuti mutu ukundiwawa. Ndathyola masamba a chammwamba kuseri kwa nyumba, ndasinja, ndasefa ndi kansalu. Funso langa: kodi madzi a chammwamba amathandiza chimanga kumera msanga? Mabeseni awiri, mchenga wa kudambo wotsukidwa bwino, njere makumi awiri m'beseni lililonse. Beseni A: njere zoviikidwa m'madzi a chammwamba, ndipo lizithiriridwa madzi omwewo. Beseni B: madzi a pa mjigo basi. Lamulungu ndiwerenga zomera, ndiyeza ndi rula, ndilemba lipoti. Zosavuta ngati kumwa thobwa.

Madzulo. Ndadzala. Ndamata zilembo. Mabeseni ali pakhonde, ndipo khonde lathu likuoneka ngati la munthu wophunzira.

Amayi aima pamenepo, manja kumbuyo. Aloza B. “Nanga ili?”

Ndawauza kuti limenelo ndi kontirolo, beseni loyerekezera. Silipatsidwa kanthu, madzi okha, kuti kusiyana kuoneke.

Aliyang'ana nthawi yaitali. “Lalakwa chiyani?”

LACHIWIRI

Sikisi koloko. Beseni B likununkha!

Zitosi za nkhuku. Zouma, zofumbutulidwa bwino, zomwazidwa mofanana kuyambira m'mbali mpaka pakati. Ndakhala ndi nkhuku moyo wanga wonse, palibe imene ili ndi dzanja labwino chonchi.

Amayi akusesa, sakundiyang'ana. “Kapena mphepo.”

Ndawafunsanso. Tsache laima. “Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.”

Amayi, ndi chimanga!

Alipatsa kale dzina. Akulitchula Masiye.

Ndakhala nawo pansi. Ndafotokoza mofatsa, ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Ndati, tiyerekeze mwaphika ndiwo miphika iwiri, wina mwathira mchere, wina ayi, kuti mudziwe ntchito ya mchere. Amvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Ndasangalala, ndati zalowa. Kenako: “Ndiye zopanda mcherezo adye ndani?”

Zaka zinayi ku koleji, palibe anandikonzekeretsa funso limeneli.

Ndayambiranso. Awiri atsopano, chifukwa B watsopano sangayerekezedwe ndi A wa dzulo, ayenera kudzalidwa tsiku limodzi. Ndatenga beseni lochapira ndi lotsukira mbale. A wachiwiri pakhonde, B wachiwiri ndamubisa kuseri kwa bafa, pakati pa mpanda ndi mulu wa njerwa, kumene ngakhale mbuzi sizipitako. Awiri a dzulo ndimati nditaye, amayi akana. “Mbewu sataya.” Awasiya pakhonde, Masiye amutenga kukhala wawo.

Ku boda ndafika mochedwa. Mutu ukadali kuwawa, ndatero.

Pakati pa mafotokope ndikulemba kalata yofunsira ntchito. Akufuna mayina a anthu atatu ondidziwa bwino. Amene ndili nawo:
– Mphunzitsi wanga wa ku koleji. Ndamutumizira mauthenga anayi. Wayankha: “Ndani?”
– A Mwale. Avomera ndi mtima wonse. Akuti alemba kuti sindiba mapepala.
– Bambo mfumu a ku Guilleme, amene anandibatiza. Anandiona komaliza ndikulira, ndili wa miyezi itatu.

Pobwerera ndakwera njinga ya achimwene anga a Damiano, monga mwa masiku onse. Iwo ndi a kabaza, amapalasa pakati pa boda ndi kwathu kuno kuyambira m'bandakucha, matumba, anthu, nthawi zina mbuzi. Ndawafotokozera za ntchitoyi njira yonse: labotale, majasi oyera, timabotolo tomeretsera nthochi popanda dothi, makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Makilomita onsewo ndikuyankhula ndi msana wawo.

Yankho lawo: “Ehe.”

Anthu ena anabadwa ndi mawu owerengeka, ndipo akuopa kuti angathe.

LACHITATU

B wachiwiri wapezeka. Ndamupeza atafunditsidwa chitenje pa timitengo tinayi, ngati mwana wogona kumunda. Pa mchenga pali phulusa ndi masamba a tiyi ofulula kale.

Amayi alumbira pa korona yawo yopempherera kuti si iwo. Ndipo zoona, si iwo. Ndi a Naphiri a pa nyumba yoyandikana nafe, amene anasuzumira pa mpanda pofunafuna nkhuku yawo. Sakubisa n'komwe, akuyembekeza kuthokozedwa. “Ndinaliona lili lokhalokha kuseriko, dzuwa likuliwotcha, mtima unandiwawa.”

Amayi anakauza anthu onse a pa mjigo kuti mwana wawo akuchita sayansi, ndipo kuti sayansiyo ndi yomana ena chakudya. Mudzi wonse tsopano uli tcheru kusaka mabeseni ozunzidwa.

Zimene kontirolo wanga walandira kufikira lero, iye amene amayenera kulandira madzi okha:
zitosi,
phulusa,
tiyi,
mthunzi,
dzina.

Ine chiyambire sabata ino palibe wandipatsa tiyi.

Ndalira pang'ono m'bafa. Kenako ndaganiza monga wasayansi. Vuto si chimanga, vuto ndi anthu. Ndiye ndidzala atatu lero lomwe. A wachitatu akhala m'chipinda mwanga pa windo, chitseko chokhoma, kiyi m'khosi. Ma B akhala awiri, kuti wina akafa wina atsale: mmodzi ndipita naye ku boda, kumene anthu ndi ouma mtima, wina ndikamusiya kwa achimwene, amene amakhala okha ku nyumba yawo ya kumsewu.

Ndikudziwa kuti malamulo a kafukufuku amati mabeseni onse akhale malo amodzi. Amene analemba lamulo limenelo sanakhalepo m'mudzi muno.

Mabeseni atha. Ndatenga losambira, ndatenga lokandira mandazi la amayi, lachitatu ndabwereka kwa a Naphiri omwewo. Apereka mokondwa. Afunsa ngati ndi la A kapena la B. Ndanama.

Amayi akuyang'ana chigubu chawo cha mbewu, akuchigwedeza pafupi ndi khutu. “Chaka chino tidzala m'mabeseni basi.”

Madzulo ndapita kwa achimwene, beseni pamutu, lofunditsidwa zovala kuti anthu aziti ndikukachapa. Ndaliika pakhonde pawo lakuseri. Malamulo ndawauza pang'onopang'ono: kapu imodzi ya madzi a pa mjigo m'mawa, imodzi madzulo. Basi. Osathira china chilichonse. Osaliimbira nyimbo. Osalimvera chisoni. Linzake lili kwathu likulandira chammwamba, ili silandira kanthu, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Aliyang'ana. Andiyang'ana. “Chabwino.”

Osafunsa kuti lalakwa chiyani! Ndikanayambira kwa iwo Lolemba lomwe lija. Sayansi ikufuna anthu ngati achimwene anga.

LACHINAYI

Ulendo wa ku boda: ine kumbuyo kwa njinga, beseni pamiyendo. Lolemera ngati mlandu. Paliponse pamene tadutsa, moni akupatsa beseni.

Ndaliika kuseri kwa kashopu, pa mpando wothyoka. Ndasindikiza chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu: OSAKHUDZA. KAFUKUFUKU.

Kulakwa kwanga kwakukulu chaka chino ndi chikwangwani chimenechi.

Ndinaiwala kuti dalaivala wodikira mapepala ake masiku awiri alibe chochita. Bawo watopa nayo, nkhani za mpira zatha, foni yazima. Teni koloko ndasuzumira: amuna asanu ndi atatu azungulira beseni la mchenga, manja m'matumba, akuyang'ana ngati muli masewero. A Mwale ali pakati pawo, akuphunzitsa. “Ili ndi limene mtsikana wangayu akulilanga. Linzake lili kunyumba, likudya bwino.”

Ndatuluka, ndafotokoza. Ndanenanso za mchere ndi ndiwo. Wina wafunsa funso lomwe lija la amayi, mawu ake osasintha ngakhale limodzi. Kodi anthuwa amakumana kuti?

Ndabwerera ku makina, mzere wa makasitomala wafika pa msewu. Ndikusindikiza, khutu lili kuseri.

Wani koloko. Pa mchenga pali timibulu toyera. Feteleza!

Mwini wake sanathawe. Dalaivala wa ku Zambia, wamimba yake, wanyamula matumba a feteleza thiraki yonse, ndipo wasesa tom'mbali. Akumwetulira. “Ba sisi, ka milisi aka kazafa na njala. Nafakako chabe pang'ono.”

Milisi ndi chimanga kwawoko. Pang'ono pakepo ndi chikhatho chodzaza.

Ena awonjezera:
– zotsala za chakumwa chopatsa mphamvu, “kuti chidzuke”;
– ambulera ya mayi wogulitsa nthochi;
– khoko la dzira lophwanya, chifukwa agogo a winawake ku Kapondo ankatero.

Ndakalipa. Ndakalipa mpaka mawu asasa, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Ndati mwawononga tsogolo langa. Angoyang'anana. Wina wati ana a sukulu alibe chisoni. Dalaivala wina amene wakhala akundifunsira ukwati chiyambire Isitala wabwera pa windo, chipewa m'manja, kudzabweza mawu ake. Akuti mkazi womana chimanga chakudya, nanga ana adzatani nawo?

Chabwino. Lero ndapindulako chimodzi.

Beseni ndalisiya komweko. Madalaivala agawana kale zolithirira, akuti azisinthana, wochoka azisiyira wofika.

Kunyumba ndapeza amayi akusambira mumphika waukulu wa pa maliro. Sakundiyankhula. Mbale zatsukidwira mu ndowa, zovala zili mulu. Mabeseni asanu ndi awiri ali pa ntchito ya boma, ndipo boma silikudziwa.

Atsala awiri oyera: A wa m'chipinda mwanga, B wa kwa achimwene. Ndafunsa msana wawo pa njinga kuti beseni lili bwanji.

“Lilipo.”

Mawu okoma kwambiri amene ndamva sabata ino.

LACHISANU

Ndadzutsidwa ndi nthungululu. Ndimati kwabadwa mwana. Ayi, ndi awiri a Lolemba aja, amera pakhonde.

Masiye wamera yense, timasamba tosongoka tili ndondondo ngati ana a sukulu pa mzere. A wa tsiku lomwelo wamera mwa apa ndi apo, chifukwa chiyambire Lachiwiri palibe amene wamuthirira, ine ndinamuiwala ndipo amayi amati “ameneyo ali ndi mwini wake.”

Amayi aitana a Naphiri. A Naphiri aitana a pa mjigo. Ndikuwauza kuti zimenezi sizikutanthauza kalikonse, kuti kafukufuku ameneyu anawonongeka kalekale. Palibe akumva. Amayi andisisita paphewa. “Waona? Sayansi yako yatheka. Chosowa chinali chikondi.”

Ndikalemba zimenezo mu lipoti, ku Lilongwe akandiitanira achitetezo a pa geti.

Ku boda beseni la madalaivala lili ndi mpanda wa timiyala tsopano. Wina walipatsa dzina la mwana wake.

Ndaweruka msanga, mutu uja. Folo koloko. Ndinaiwala kuti mphakati wa sabata ino ukuchitikira kwathu. Amayi khumi ndi awiri pa mphasa, zitenje zofanana, mabuku a nyimbo. Ndakhala kumapeto. Mapemphero a zosowa zathu: odwala, a paulendo, ana olemba mayeso. Kenako amayi apampando akweza mawu: “Tipempherere mwana wathu wa pakhomo pano, amene mtima wake wauma pa zolengedwa za Mulungu.”

Onse: “Ambuye, timvereni.” Amayi anga mokweza kuposa onse.

Apemphereranso mvula kuti ibwere msanga. M'Mchinji monse muno ndine ndekha amene ndikupempha kuti ichedwe, ndipo ndikuona kuti mbali yanga ndi yochepa.

Pomaliza amayi apampando atulutsa kabotolo ka madzi odalitsidwa. Awaza Masiye. Awaza A wa Lolemba, amene tsopano ndiye akumveredwa chisoni, a Naphiri amuthira kale zitosi. Awaza onse a pakhonde. Kenako amayi anga, Yudasi wa m'nyumba muno: “Lina lili kuchipinda.”

Ndathamanga! Ndalowa, ndakhoma. Ndimati ndapulumuka, ndinaiwala windo. Nyimbo ikuzungulira nyumba, ikuyandikira. Dzanja lalowa pakati pa zitsulo, kabotolo kali m'manja. Ndagwada, ndakumbatira beseni, ndaliphimba ndi thupi langa lonse ngati nkhuku yofungatira.

Madzi onse odalitsidwa athera pa msana panga.

Panja, amayi apampando: “Zili bwino. Afika kwa amene amawasowa kwambiri.”

A wachitatu sanakhudzidwe ngakhale dontho. Ndikuzizidwa, koma ndapambana. Ndipo pa mchenga wake pakuoneka timitu tiwiri tobiriwira!

LOWERUKA

A wachitatu akumera bwino. Ndamuwerenga kanayi, ndamuyeza ndi rula, ndatsala pang'ono kumupatsa dzina. Ndadziletsa.

Ku boda theka la tsiku. Ndalemba lipoti pa kompyuta ya a Mwale. Mutu wake ndi wautali mizere itatu, monga amakondera anthu ophunzira. Mawu oyamba: alipo. Njira yochitira kafukufuku: ilipo, koma za mphakati ndi madalaivala ndazidumpha. Zotsatira: ndasiya malo, ndidzadzaza mawa ndi cholembera. Masamba asanu ndi limodzi! Ndawanyamula m'manja, akumveka kulemera kwa ntchito.

Lipoti labwino limafuna chithunzi cha wofufuza ali pa ntchito. Wofufuza amavala jasi loyera. Pa boda ponse jasi loyera ali nalo ndi munthu mmodzi, a Tembo a butchala.

Andibwereka. Ndi lalikulu, manja akulendewera, ndipo pachifuwa pali banga limene silinachokere m'labotale. Ndaphimba ndi kope. Fungo la mbuzi silijambulika, mwayi wake ndi umenewo. Koma kuchokera pa butchala mpaka kunyumba agalu atatu andiperekeza mwaulemu. M'zithunzi zonse khumi zimene a Naphiri andijambula, m'zisanu ndi ziwiri muli galu, m'ziwiri muli chala chawo. M'chotsalacho ndatsinzina.

Nditenga chotsinzinacho. Ndikuoneka ngati ndikuganiza.

A Naphiri sanachoke atatha kujambula. Akupotokola nsonga ya chitenje. Akupempha kuti ndiwasindikizire chilembo cha B chachikulu, cholimba, choti mvula isachifufute. Akufuna akachizike m'munda mwawo. Aona mmene anthu amathamangira ndi manyowa akangoona chilembo chimenechi.

Pofika madzulo opempha B akwana anayi. A palibe akumufuna.

Azakhali afika kuchokera ku Chipata, fumbi mpaka m'nsidze. Andibweretsera mphatso: chithumba chachikulu cha mizeremizere, cha zipi, chonyamulira katundu wa geni. Chatsopano. Achiika pa bedi langa, pambali pa satifiketi imene ndinaitulutsa kuti iwongoke. Ayang'ana beseni, ayang'ana jasi la a Tembo, anunkhiza. “Mwana wanga, fodya ndi uyu ali pamphuno. Mitambo waiona kumadzuloko?”

Ndaiona. Yakuda, yochokera mbali ya Kachebere. Ndakhala ndikuyenda choweramitsa mutu kuyambira dzulo kuti ndisaione.

Sindidana ndi zitenje. Azakhali amanga nyumba ya malata ndi zitenje. Koma ine ndinaonapo kamodzi, pa galasi la makina oonera tizilombo a ku koleji, kachidutswa ka muzu wa anyezi kakugawikana pawiri, kamoyo, pamaso panga. Ndikufuna ndidzaonenso, ndipo ndikuopa kuti sindidzaonanso.

Achimwene adutsa madzulo ndi matumba a makala. Ndawathamangira. Beseni?

“Lamera.”

Zingati? Zazitali bwanji?

“Uona mawa.” Akuyang'ana tcheni cha njinga, chimene chilibe vuto lililonse.

Mawa! Rula ili pa tebulo, cholembera chili pa tebulo, envulopu yakhaki ili pa tebulo. Chithumba cha azakhali ndachikankhira kunsi kwa bedi ndi phazi.

LAMULUNGU

Tabwera ku Misa. Jasi ndabweza. Ndatulutsa A wachitatu, ndamuika pa tebulo pakhonde. Amayi ndawapempha akhale patali mikono itatu, manja poonekera.

Leveni koloko achimwene afika, akukankha njinga, beseni lomangidwa bwino ndi malegeni pa keriyala. Alitsitsa okha. Aliika pambali pa linzake.

Lamera. Lamera bwino kwambiri. Ndatenga rula: msinkhu wofanana ndi A, kubiriwira kofanana, ngati mapasa.

Ndawerama. Fungo ndalidziwa ndisanaone kanthu, ndakhala nalo m'zala sabata yonse. Kenako ndaona m'mbali mwa beseni timasamba tobiriwira tosinjidwa, tokakamira pa mchenga. Sanasefe n'komwe.

Chammwamba.

Sindinakalipe. Mphamvu zokalipira zinathera kwa madalaivala. Ndangofunsa kuti bwanji, achimwene, inunso?

Avula chipewa, akuchizunguliza m'manja. Ayankhula mawu ambiri kuposa a chaka chonse. “Ndinayesetsa, mlongo wanga. Lachinayi ndinalipatsa madzi okha, monga unanena. Lachisanu ndikumwa tiyi, lili apo likundiyang'ana. Ndinakabwereka mtondo. Sindinaonjeze kanthu, ndangolipatsa zomwe unapatsa linzake.”

Ndati koma ndinakuuzani chifukwa chake.

“Unandiuza. Kungoti ine ndikudziwa mmene zimakhalira kukhala beseni linalo.”

Amayi adzuka, alowa m'nyumba, akuti akaone moto. Moto sunasonkhedwe.

Chaka chimene bambo anamwalira, achimwene anali Fomu 2, ine nditangosankhidwa kupita ku sekondale. Sukulu ikanatheka ya mmodzi. Amayi ndi amalume anakhala pakhonde lomwe lino, ndipo anatchula dzina langa. Ndinavina pabwalo. Achimwene anapatsidwa njinga ya bambo. Nkhani imeneyi ndimaidziwa ngati dzina langa, koma sindinaiganizirepo kuchokera mbali yawo, ngakhale Lachitatu lija, nditaima pakhonde pawo n'kumawaphunzitsa mmene amamanira beseni.

Manyazi andigwira mpaka m'mafupa. Ndanena kuti pepani. Iwo ayesa ndikunena za chimanga, ati, “Iyayi, wolakwa ndine.” Avala chipewa, apita, akuti pali kasitomala wa matumba a mtedza.

Zotsatira za kafukufuku: palibe kusiyana. Wofufuza walephera kupeza, m'mudzi monse ndi pa boda pomwe, munthu mmodzi wotha kusunga kontirolo masiku anayi.

Masamba asanu ndi limodzi aja ndawachotsa. Amayi akuti ndi abwino kukulungira mandazi. M'envulopu mwatsala kalata, mbiri yanga ya tsamba limodzi, ndi fotokope ya satifiketi. Pa nambala folo ndilibe kanthu, ndipo ndalemba choncho. Envulopu ndi yopepuka, mwina sadzaitsegula n'komwe. Chithumba cha azakhali ndachitulutsa kunsi kwa bedi, ndayesa zipi. Ikugwira bwino.

Komabe envulopu ndipita nayo. Minibasi yoyamba ya ku Lilongwe imanyamuka sikisi, ndiye achimwene akuti adzanditenga faivi koloko, monga ankanditengera popita ku sekondale, ndi ku koleji, sutikesi pamiyendo panga. Zaka zonsezi ndakhala kumbuyo, ndikuyankhula ndi msana wawo za tsogolo langa, iwo akupalasa. Sindinawafunsepo ngati atopa.